Ndinati "zitheba basi"

Pa Khirisimasi ya 2023 ndinanama bodza osatchulapo mawu abodza ngakhale amodzi. Nthawi inali cha m'ma 4 koloko madzulo, mvula itangokata, ine nditaima pampanda wolekanitsa nyumba yathu ndi ya aneba kuno ku Matawale, m'manja muli waya wawo wowotchera nyama amene ndinkabweza. Mayi aja anaulandira, nkundifunsa akumwetulira kuti, "Kununkhira konse kuja, mumawotchapo chiyani mwanangu?" Ndinayankha kuti, "Zitheba basi, mama." Zinalidi zitheba. Koma mawu akuti "basi" aja akundisowetsabe mtendere mpaka lero.

Ndinkafuna kudabwitsa alamu

Chaka chimenecho alamu anga a ku Lilongwe ankabwera kudzadya nafe Khirisimasi. Ndi munthu wabwino, koma ali ndi kachizolowezi kotsegula poto aliyense kukhitchini nkunena kuti, "Eee, ku Zomba mukuphikabe chonchi?" Mzinda uno unalandidwa ulikulu mu 1975, koma anthu ena a ku Lilongwe amalankhula ngati anatilanda dzulo. Ndiye ndinatsimikiza mtima kuti ulendo uno pakhale mbale imodzi yoti aiyang'ane kaye asanalankhule.

Ndinali nditaona pafoni timitolo ta masamba tokulungidwa ndi nyama. Azungu amagwiritsa ntchito asparagus, timphukira tobiriwira tooneka ngati nsungwi zazing'ono, ndipo a ku Italy amakulunga ndi nyama yankhumba yopyapyala ngati pepala imene amaitcha prosciutto, yomwe imathiridwa mchere nkuumikidwa mumphepo kupitirira chaka chathunthu. Zonse ziwirizi sindinazionepo mumsika wa Zomba. Koma zitheba ndiye zosayamba, makamaka nthawi yamvula, milumilu, ndipo mayi wogulitsa amakuikira basera usanapemphe nkomwe. M'malo mwa nyama ya ku Italy ija ndinaganiza za bekoni.

Kumbukirani kuti mwezi wa Novembala chaka chomwecho kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti. Nditafika pafiriji ya musitolo ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana kapaketi ka magalamu 200, ndikuwerengera mumtima kuti ndalama imeneyo ikanagula matemba angati a ku Chilwa. Ndinakagulabe kamodzi. Munali timizere 9. Nditadula kalikonse pakati tinakwana 18, ndipo apa mpomwe ndinaona nzeru ya chakudyachi: nyama yosakwana kukhutitsa mwana mmodzi ikhoza kuzungulira tebulo la anthu 10, aliyense nkunena kuti walawako.

Panalinso chifukwa china. Ana anga sadya zitheba, ndipo sindiwadzudzula kwambiri. Ife zitheba timazipha kawiri. Timaziduladula tating'ono, nkuziwiritsa mpaka zitasanduka zakhaki, kenaka nkuzimiza mu tomato ndi anyezi mpaka osadziwikanso kuti zinali chiyani. Zikafika pambale zimakhala zitatopa kuposa wophika.

Mmene ndinakonzera m'mawa uja

Ntchito yake ndi yochepa moti ndinachita manyazi nditaona kuti ndakhala ndikuiopa pachabe. Ndinasankha zitheba zanthete, zoti ukapinda zimathyoka kuti thyo, osati zija zokhwima zoonekera mbewu m'kati. Ndinangodula kumutu kokha, mchira ndinausiya, osaziduladula. Madzi atawira ndinathiramo mchere pang'ono, nkuponyamo zitheba kwa mphindi zitatu zokha, kenaka nkuzivuula kuziika m'madzi ozizira kuti zisapitirize kupsa. Zimatuluka zobiriwira kwambiri kuposa mmene zinalowera. Osalumpha zimenezi, chifukwa bekoni imapsa msanga kuposa chitheba chachiwisi, ndiye mudzakhala ndi nyama yopserera kunja, m'kati muli masamba olira m'mano.

Kenaka kuumitsa. Ndinaziyala pansalu yoyera nkuzipukuta bwinobwino. Chitheba chonyowa sichiwotcheka, chimangophikika ndi nthunzi yake, ndipo bekoni yokulunga chinthu chonyowa imatuluka yolobodoka ngati lamba wakale. Zitauma ndinazithira timafuta tochepa, adyo wosinja ndi tsabola wakuda. Mchere ayi. Bekoni ndi nyama yofutsidwa ndi mchere kale, ikamapsa madzi amachoka, mcherewo nkuwirikiza. Ukathiranso wina, alendo adzamaliza Sobo yense.

Ndinkatenga zitheba 6 kapena 7, nkuzilinganiza ngati kamtolo ka nkhuni, nkukulunga pakati ndi theka la kamzere, nsonga zonse ziwiri zikuonekera. Polekezera nyama ndinkapagoneka pansi kuti kulemera kwa mtolo kupatseke. Pamwamba ndinapakapo uchi pang'ono ndi kumbuyo kwa supuni. Bekoni yabwino pa ntchitoyi ndi ija yamizeremizere yamafuta, yochokera pamimba pa nkhumba, chifukwa imatamuka ndipo mafuta ake amasungunukira m'masamba. Ija yamnofu wokhawokha imauma nkumasuka.

Malangizo ankati uvuni itenthe madigiri 200, timitolo tikhalemo mphindi 20 kapena 25. Ndinalowetsa thireyi nthawi ili 12 koloko ndendende. Patangotha mphindi zisanu firiji inangoti zii, wailesi nayo zii, ndipo kunyumba zapafupi kunamveka kukuwa kuja kumene tonse timakudziwa. Magetsi apita.

Waya wa eni

Mbaula yanga inali ndi mpunga pamwamba, pamafuwa panja pali nkhuku. Alamu anali atafika kale, akumveka pabalaza akufotokoza za misewu yatsopano ya kwawo. Ndinatuma mwana wanga wamkulu kuti, "Thamanga kwa agogo, ukanene kuti amayi akupempha mbaula yaikulu ija ndi waya." Ndinalankhula osaganiza, ngati mmene ndimapemphera sefa kapena munsi.

Aneba athuwa ndi Asilamu, Ayao a cha ku Domasi. Takhala moyandikana kwa zaka zambiri. Nkhuku yomwe inali pamafuwa ija anazinga ndi bambo akunyumba kwawo m'mamawa, monga timachitira nthawi zonse kuti mbale ikadutsa mpanda aliyense adye ndi mtima umodzi. Choncho sindinganene kuti sindinkadziwa. Aliyense wokulira m'Zomba amadziwa kuti kunyumba ina sulowa ndi nkhumba, kaya ndi ya Asilamu kaya ya a Sabata. Ndinkadziwa bwino lomwe. Kungoti m'mutu mwanga bekoni sinali nkhumba. Nkhumba ndi ija amawotcha pamsewu madzulo, ya chikopa ndi tiubweya. Iyi inali chinthu cha mupaketi, chachizungu, chokwera mtengo.

Pambaula timitolo tija tinapsa bwino kuposa mmene uvuni ikanachitira, ndipo sindinabwererenso ku uvuni kuyambira tsikulo. Koma pamafunika maso. Mafuta akadonthera pamakala moto umalilima, ndipo timitolo tiwiri toyamba tinada ngati makala omwewo. Ndinakankhira makala kumbali imodzi, nkuwaza phulusa pamwamba kuti ukali uchepe, timitolo nkuika mbali yopanda makala, nkuvindikira ndi poto wamkulu chozondotsa. Ndinkatembenuza pakapita mphindi zinayi kapena zisanu. Kumapeto ndinatisendezera pamoto weniweni kanthawi kochepa kuti nyama ikhwinyate ndi kufiirira. Ndinafinyirapo ndimu, basi.

Alamu anatenga kamodzi, kenaka kachiwiri, nkufunsa kuti, "Mwagula kuti?" Mwana wanga wamng'ono, mdani wa masamba, anadya tinayi nkumanyambita zala. Ndinapambana. Ndipo ndili pasinki madzulo, ndikukwecha waya uja ndi sitiliwulu, mafuta oyera atagwirana m'mphambano za waya, mpamene m'mimba munangoti myuu. Ndinaima ndi thovu m'manja. Mafuta awa ndi a chiyani, nanga waya uyu ndi wa ndani?

Ndinakwecha kawiri. Ndinathira madzi otentha, nkukwechanso. Waya anawala kuposa mmene anabwerera. Ndipo popita kumpanda ndinali nditagamula kale mlandu ndekha mumtima: wayera, palibe chatsalapo, kunena kungowawawitsa mtima pa tsiku lachikondwerero. Choncho funso lija litabwera, yankho linali lokonzeka kale pamilomo.

Pakhonde pawo

Sindinathe kudya chakudya chamadzulo. Bambo akunyumba anaona, ndipo nditawauza anangoti, "Nanga si watsuka?" Alamu anaseka nkunena kuti chosadziwa sichipha. Ndinakhala pampando mpaka cha m'ma 7, kenaka ndinavala chitenje nkutuluka.

Magetsi anali asanabwere. Pakhonde pawo panali kuwala kwa mbaula, ndipo ndisanafike nkomwe ndinamva fungo la chimanga chowotcha. Anali atakhala onse, mayi aja pamphasa, zidzukulu zitatu zitawazungulira, bambo pampando wa ndalema. Pambaula, pawaya yemwe uja, panali chimanga chachiwisi cha kudimba chikuthetheka. Kamdzukulu kakang'ono kanali ndi chitsononkho m'manja, katamaliza kale.

Ndinafuna kubwerera. Koma anali atandiona. "Lowani, lowani, mwafika bwino, tengani ichi chapsa." Ndinagwada pambali pa mphasa, ndipo mawu anatuluka mosalongosoka. Ndinati zitheba zija sizinali zokha. Ndinati ndinakulunga ndi bekoni. Mayi aja anandiyang'ana osamvetsa, ndiye ndinayenera kutchula liwu lenilenilo, limene ndinakhala ndikulizemba tsiku lonse. "Nkhumba, mama. Ndinawotchapo nkhumba."

Palibe anakuwa. Bwenzi zili bwino akanakuwa. Mayi aja anali ndi chimanga m'manja chimene anali atangoluma, ndipo anachiika pansi pang'onopang'ono, pambali pa mphasa, ngati akugoneka mwana. Anauza mdzukulu wamkulu kuti atenge anzake akasambe m'manja ndi kuchukucha m'kamwa. Bambo aja anadzuka, nkuchotsa waya pamoto ndi kansalu, nkuutsamiritsa kukhoma. Kenaka kunali chete, kumangomveka achule a kudambo.

Atalankhula, mawu awo anali otsika. "Amene wadya osadziwa alibe mlandu kwa Mulungu. Ana awa alibe mlandu, ine ndilibe mlandu." Analekezera pomwepo, ndipo mbali yotsalayo ndinaimaliza ndekha mumtima. Kenaka anati, "Mwanangu, mukanangonena masana paja. Ndi nkhani ya madzi ndi dothi basi. Timatsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, chinthu chayera. Waya si kanthu. Koma ine ndinakufunsani."

Ndinalibe choyankha. Ndinali nditakwecha waya uja ndi mphamvu zanga zonse, poganiza kuti kuyera ndi kumene ndikukuona ndi maso anga. Sindinaganize kuti mwini wake ali ndi njira yakeyake yoyeretsera, yosavuta nkomwe, ndipo kuti pomubisira ndinamulanda mpata woichita. Chimene ndinkateteza masana aja sunali mtima wawo. Inali nkhope yanga.

M'mawa mwake ndinawaona pampopi ali ndi waya uja. Ndinapita osaitanidwa, nkutenga chitini kumawathirira madzi, iwo akupaka dothi ndi kuwerenga chamumtima. Sitinalankhulane zambiri. Atamaliza anauyanika padenga la bafa, nkundiuza kuti ndipereke moni kwa alendo.

Mbale zinasiya kudutsa

Moni sanathe. Tinkapatsanabe m'mawa uliwonse, tikufunsana za ana ndi za mvula. Koma mbale zinasiya kuwoloka mpanda. Ine ndinkaopa kutumiza, poganiza kuti ailandira mwaulemu nkukaipereka kwa nkhuku. Iwonso sanatumize. Januwale yense anatha choncho, Febuluwale nayenso. Munthu sudziwa kuti kambale ka nyemba kapena ka chigwada kodutsa pampanda nkofunika bwanji mpaka katasiya kubwera. Ana anga anafunsa kangapo kuti agogo adwala kapena.

Mu Malichi mwezi wa Ramadani unayamba. Tsiku lina dzuwa litangolowa ndinamva kugogoda, ndipo pakhomo panali kamdzukulu kaja ka chitsononkho, katanyamula bakuli lovindikira ndi manja awiri. Munali futali wa mbatata, wotentha, nsinjiro zambiri mmene ndimakondera. Ndinakhala pansi kukhitchini nkudya ndekha theka lonse ndisanaitane aliyense. Bakuli silibwerera lopanda kanthu, ndiye ndinaikamo nthochi ndi mapeyala, zinthu zoti palibe angazikayikire.

Nyama ya pa Idi

Nkhani ya zitheba anaiyambitsanso okha mu Juni, pa Idi ija yozinga ziweto. Kunkazizira kwambiri, phiri lonse litabisala mu nkhungu. Anatipatsa gawo lathu la nyama yang'ombe monga chaka chilichonse, ndipo ndikuthokoza anati, "Komatu zinthu zanu zija zinkanunkhira. Sizingatheke ndi ng'ombe?"

Tinayesa Loweruka lotsatira, pakhonde pawo, pambaula yawo. Ine ndinabwera ndi zitheba ndi uchi, iwo ndi luso limene ine ndinalibe. Anakulira m'nyumba yopanda firiji, mmene nyama ya pa Idi inkalengulidwa, kuthiridwa mchere nkuwambidwa pamoto kuti ikhale masabata. Mpeni wawo unkayenda mumnofu ngati ukusenda papaya, nkutulutsa timizere topyapyala toti ukatiyang'anitsa kudzuwa kuwala kumadutsa. Ine ndikafuna kutero ndimayamba ndaika nyama mufiriji kuti ilimbe pang'ono, apo ayi ndimangoiphwanya.

Dzulo lake anali atapaka timizereto mchere ndi shuga wabulauni pang'ono nkutisiya usiku wonse. Mchere umakoka madzi munyama, ndiye m'mawa mbale inali ndi madzi ofiira pansi, nyama italimba ndi kuda pang'ono. Anaitsukuluza, nkuipukuta, nkuiyanika pawaya pamwamba pa makala ozilala amene anaponyapo zitsononkho kuti zifuke utsi. Mphindi zochepa chabe, kuti imve utsi koma isaume, chifukwa youma singakulungike. Mtundu wake sunali wofiirira ngati bekoni ya musitolo. Kufiirira kuja kumabwera ndi mchere wina wapadera wa nitrite umene amafakitale amathira, womwenso umathandiza kuti nyama isaonongeke msanga. Yathuyi inalibe zimenezo, choncho si yosunga, ndi yopanga lero nkudya lero kapena mawa.

Ulendo woyamba sizinatheke. Ng'ombe ilibe mafuta olowerera mumnofu ngati mimba ya nkhumba, ndiye nyama inauma gwa nkumasuka, zitheba zikugwera m'makala. Tinaseka mpaka misozi. Ulendo wachiwiri mayi aja anapaka kamzere kalikonse mafuta ophikira mbali zonse, nkubaya mtolo ndi kamtengo kotokosera m'mano kamene anayamba akaviika m'madzi kuti kasapse. Anafupikitsanso nthawi: zitheba anaziwiritsa mphindi zinayi m'malo mwa zitatu, pamoto nkungokhala mphindi 10, moto wake wokulirapo. Mu uchi anasinjiramo kambuzi mmodzi. Ndinganene mosabisa kuti bekoni imaposa pa kukhwinyata ndi mafuta, koma ya ng'ombeyi imakoma nyama yeniyeni, ndipo kambuzi ndi uchi zimagwirizana ngati zinabadwira limodzi.

Iwo ndi amenenso anayesa therere lobala. Ine ndinakana, ndikuti litelereka. Anangotenga lanthete lathunthu, osalidula, osaliwiritsa, awiriawiri nkukulunga. Pamoto wouma therere silitelereka nkomwe, limafewa m'kati, kunja nkuwauka mokoma. Kaloti timamuwaza m'litali ngati zala nkumuwiritsa kaye mphindi zisanu chifukwa ndi wouma mutu. Mabiringanya tinayesa kamodzi, anamwa mafuta onse nkuphwanyika, sitinabwerezenso. Bambo akunyumba kwawo, amene poyamba ankati zimenezi ndi zoseweretsa chakudya, anadya timitolo tisanu ali chiimire, nkufunsa ngati kulibe nsima yoti aperekezere.

Mawaya awiri

Sabata yotsatira ndinapita kwa amisiri okhoma zidebe ndi mbaula kumsika nkugula mawaya awiri. Wina ndinamumanga kansalu kofiira pachogwirira. Ameneyo ndi wa bekoni, sachoka pakhomo pano, ndipo ali ndi thireyi yake ndi mpeni wake. Winayo ndi amene amawoloka mpanda. Bekoni ndimagulabe mwa apo ndi apo, pakakhala kandalama, ndipo sindibisa. Koma kawirikawiri ndimapanga ya ng'ombe, chifukwa ndi imene ndingathe kuika m'bakuli nkutuma mwana.

Alamu anabweranso Khirisimasi yotsatira nkupeza ya ng'ombe ija patebulo. Anati yachaka chatha inali bwino. Ndinawauza kuti paketi ili mufiriji, waya wa kansalu kofiira ali pamsomali, makala ali m'thumba. Sanadzuke.

Mayi aja amafunsabe utsi ukadutsa mpanda. Sabata yatha ndinali pambaula madzulo, ndipo ndinamva mawu kuseri kwa mpanda, "Lero mukuwotcha chiyani mwanangu?" Ndinayamba kutchula: zitheba, nyama yang'ombe ya kubutchala ya Asilamu ija ya mumsika, adyo, uchi, kambuzi, mafuta ophikira a mubotolo latsopano, mchere. Anandidula ndisanafike pa ndimu. "Iii, ndangofunsa ine, sindine wapolisi. Zikapsa mutume mwana."